Kodi kutenthetsa mkaka wa m'mawere woperekedwa kumauwononga wonse?

Kwa zaka zambiri anthu akhala akubwereza kuti mkaka wa m'mawere umene mayi wapereka kuti ukathandize khanda la mnzake, ukangotenthetsedwa, umasanduka madzi opanda phindu. Nkhaniyi yatopetsa, chifukwa si yoona.

Kumalo osungira mkaka woterewu sauwiritsa mpaka kubwata ayi. Amautenthetsa pa madigiri 62.5 kwa mphindi 30, kenako n'kuuziziritsa mofulumira. Kutentha kumeneku kumapha mabakiteriya ambiri ndi mavairasi monga HIV, koma mafuta, shuga wa mumkaka, mapuloteni ambiri ndi mavitamini A, D ndi E zimatsala pafupifupi zonse. Zimene zimachepadi ndi zina mwa zinthu zoteteza thupi ku matenda ndi vitamini C, pomwe chinthu chothandiza khanda kugaya mafuta chimatheratu, ndipo n'chifukwa chake mkaka wa mayi wake weniweni wa mwanayo umakhalabe patsogolo. Komabe kwa makanda obadwa masiku asanakwane, mkaka wotenthetsedwawu umachepetsa chiopsezo cha matenda oopsa a m'matumbo kuposa mkaka wa m'chitini.

Mukamva zonena zoterezi, funsani kuti mkakawo unatenthetsedwa motani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso chimene chinayezedwa n'chiyani, pakuti kuchepa kwa chinthu chimodzi si kutha kwa zonse. Namwino kapena dokotala wa kuchipinda cha makanda angakufotokozereni bwino. Uthenga wa pa foni wosatchula kafukufuku aliyense musamautumize kwa ena, popeza mayi wa khanda lodwala akhoza kukana mkaka umene ukanalithandiza.