Musanagule Malo Kunja kwa South Bend, Yambani Mwafufuza za Madzi

Amalawi ambiri okhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, akakhazikika amayamba kulakalaka kamalo kunja kwa tauni: maekala awiri kapena asanu, dimba la chimanga ndi nkhwani, nkhuku zingapo, mwinanso mbuzi. Dera la St. Joseph County ndi loyenera moyo wotere, chifukwa nthaka yachonde ilipo ndipo madzi apansi ndi ochuluka. Komabe malo awiri otalikirana makilomita ochepa akhoza kusiyana kotheratu pa nthawi ya ngozi, ndipo chimene chimawasiyanitsa kawirikawiri ndi madzi.

Yambani ndi dothi. Kummwera chakumadzulo kwa mzindawu, kumene kumayambira mtsinje wa Kankakee, kale kunali dambo lalikulu lomwe linaumitsidwa pokumba ngalande. Dothi lake ndi lakuda, ndiwo zamasamba zimakondwa nalo, koma madzi amakhala pafupi kwambiri. Mukakumba chipinda chapansi pa malo otere, mudzakhalira kupopa madzi chaka ndi chaka. Kumpoto chakummawa, cha ku Granger, kuli mchenga: madzi amalowa msanga, nyumba imakhala youma, koma dimba limafuna kuthirira ndi manyowa ambiri. Simufunika kulota. Pa intaneti pali Web Soil Survey ya unduna wa zaulimi wa dzikolo, yaulere. Jambulani malire a malowo pa mapu ndipo muwerenge zinthu ziwiri: kuya kumene madzi apansi amafika pa nyengo yonyowa, ndi ngati dothilo lingalandire madzi ochokera mu septic tank.

Kenako tsegulani mapu a madzi osefukira a FEMA, bungwe la boma la America loona za ngozi zadzidzidzi. Malo olembedwa Zone A kapena AE ali ndi mwayi wa 1 pa 100 wosefukira chaka chilichonse. Zikumveka zochepa, koma pa zaka 30 za ngongole ya nyumba mwayiwo umakwana pafupifupi 1 pa 4. Inshuwalansi wamba ya nyumba silipira madzi osefukira. Pamafunika ina yapadera, yomwe nthawi zambiri imayamba kugwira ntchito pakatha masiku 30, choncho kuigula mutamva kuti mtsinje ukudzaza n'kuchedwa. Mu February 2018 mvula yamphamvu inagwa pa sinowo yosungunuka, nthaka idakali youma ndi chisanu, ndipo mtsinje wa St. Joseph unakwera kufika mafiti 12.7 ku South Bend, kuposa kale lonse. Funsani anthu oyandikana ndi malowo kuti madzi anafika pati chaka chimenecho. Mapu sasonyeza ngalande yotsekeka kapena msewu umene umamira.

Vuto lenileni la mchenga lili pa madzi akumwa. Nyumba zambiri za ku Granger ndi kumidzi yozungulira zili ndi chitsime chakechake komanso septic tank yake. Mchenga susefa mokwanira, ndiye nayitireti, mchere wa nayitirojeni wochokera m'zimbudzi ndi m'feteleza, amatsikira m'madzi. Malire ovomerezeka ndi mamiligalamu 10 pa lita. Akapitirira pamenepo, khanda losakwana miyezi 6 lili pachiswe, chifukwa magazi ake amalephera kunyamula mpweya bwino. Chizolowezi chathu chowiritsa madzi pano sichithandiza, chimaonjeza vuto: madzi amauluka ngati nthunzi, nayitireti n'kutsala wochuluka. Chofunika ndi sefa ya reverse osmosis, yomwe imachotsa ngakhale mchere wosungunuka m'madzi, pa mpopi wa kukhitchini. Musanasaine, yezetsani madziwo ku labotale, awone nayitireti, mabakiteriya ndi arsenic (poizoni wopezeka m'nthaka), ndipo yezani mtunda wa pakati pa chitsime ndi septic, womwe usachepere mamita 15. Khola la ziweto nalonso likhale kumunsi, kutali ndi chitsime.

Chitsime cha kuno si mjigo woti mupopa ndi manja. Pampu yake ili pansi ndipo imayendera magetsi, kawirikawiri a mavoti 240. Magetsi akazima, mpopi umauma, chimbudzi sichigujumuka, ng'anjo ya gasi yotenthetsa nyumba imasiya kuuzira mpweya, ndipo kapampu kotulutsa madzi m'chipinda chapansi kamaima pa nthawi imene kakufunika kwambiri. Zonsezi zimagwa pamodzi. Jenereta yaing'ono ya mavoti 120 siyendetsa pampu yotere. Komanso pampu ikamadzuka imakoka magetsi pafupifupi katatu kuposa ikamayenda, ndiye gulani jenereta poganizira mphamvu yodzukirayo. Wodziwa zamagetsi aike transfer switch, swichi yodula nyumba ku magetsi a kampani jenereta ikamayaka, kuopa kubweza magetsi mu nthambo za mumsewu n'kupha okonza. Jeneretayo iziyaka panja, mamita 6 kuchoka pa nyumba, osati mu galaja ngakhale chitseko chili chotsegula, poti utsi wake umapha osanunkha.

Za madzi osunga, FEMA imati galoni imodzi, pafupifupi malita 4, pa munthu aliyense tsiku lililonse. Banja la anthu 5 lofuna kupirira masabata awiri likufunika malita oposa 260, osawerengera ziweto. Mbuzi yokamidwa imatha kumwa malita 10 patsiku. Migolo ya madziwo ikhale m'nyumba, chifukwa panja mu January imauma gwa.

Chisanu cha kuno n'chosiyana ndi cha Indianapolis, likulu la chigawochi. Mphepo ikadutsa pa nyanja ya Michigan imatuta chinyontho n'kuchikhuthula ngati sinowo, yomwe pachaka imakwana pafupifupi mita imodzi ndi theka. Mu January 1978 mkuntho umodzi wokha unasiya pafupifupi masentimita 90. Msewu wautali wolowera kunyumba umaoneka bwino mu July, koma boma siliukonza, mudzachotsa sinowo nokha ndi fosholo. Mapaipi opita kukhola akwiriridwe kupitirira mita imodzi. Dimba nalo lili ndi miyezi pafupifupi isanu yopanda chisanu, kuyambira mu May mpaka mu October, choncho mbewu ya chimanga yochedwa kucha ikhoza kupsa ndi chisanu isanakhwime.

Akavuluvulu oopsa a tornado amafikanso. Pa 11 April 1965 anaononga matauni a Wyatt ndi Dunlap, pafupi ndi South Bend. Nyumba yopanda chipinda chapansi ifunika pothawira pena. Dziwaninso kuti malo opangira magetsi a nyukiliya a Cook, ku Bridgman m'chigawo cha Michigan, ali mkati mwa makilomita 80 kuchoka ku South Bend, mtunda umene boma likhoza kulamula kuti ziweto zitsekeredwe ndi kudyetsedwa zosunga ngati patachitika ngozi. Ngozi yotere si yoyembekezeka, koma udzu wouma wa masabata angapo pansi pa denga mumaufuna kale chifukwa cha chisanu.

Chomaliza kufufuza ndi malamulo, ndipo ambiri amagwa pamenepa. Ku Area Plan Commission, ofesi yoona za kagwiritsidwe ntchito ka malo m'derali, akuuzani ngati malowo ali m'gulu laulimi kapena lanyumba zokhalamo, komanso ziweto zololedwa. Koma m'malo ogawidwa mapuloti mumakhalanso mapangano a eni nyumba olembedwa pa chikalata cha malo, omwe amatha kuletsa nkhuku, khola, ngakhale mpanda, boma litalola kale. Pemphani chikalatacho muwerenge nokha musanapereke ndalama ya chikole.