Kugula makina ochapira ndi oumitsira zovala ku South Africa: lamulo la miyezi 6 ndi zoyenera kuona musanalipire

Anthu akwathu ambiri amene ali ku Joni, Durban ndi Cape Town amagula makinawa, ena oti agwiritse ntchito komweko, ena oti atumize kumudzi. Mafunso amene amabwerabwera ndi awa.

Makina atsopano akawonongeka, lamulo limati chiyani?

Lamulo lake ndi Consumer Protection Act la 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011. Gawo 56 limati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6 chimulandirireni, mukhoza kumubweza popanda chindapusa, ndipo ndalama yonyamulira ndi ya wogulitsa. Wosankha chochita ndinu: akukonzereni, akupatseni ena, kapena akubwezereni ndalama. Ambiri amaluzira pamenepa, chifukwa wa m'sitolo amathamangira kunena kuti atumiza wokonza, ngati kuti njira ndi yomweyo basi. Kutumiza munthu wodzaona ngati vutolo ndi lakufakitale amaloledwa, koma sangakukakamizeni kukonzetsa m'miyezi imeneyi.

Mukasankha kukonzetsa, ndiye pasanathe miyezi 3 vutolo n'kubwerera kapena kutuluka lina, sitolo iyenera kukupatsani makina ena kapena kubweza ndalama.

Kodi lamuloli limatetezanso mlendo?

Inde. Limateteza wogula, silifunsa za dziko lochokera. Chofunika ndi umboni woti munagula. Inki ya lisiti la pa tilu imafufutika pakangopita miyezi yochepa, choncho lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo, pamodzi ndi kapepala ka nambala ya makinawo kamene kamamatidwa m'mphepete mwa chitseko kapena kumbuyo.

Nanga waranti ya zaka 10 imene amalemba pamakinapo?

Werengani bwino. Nthawi zambiri zaka 10 zimenezo ndi za mota yokha, ija ya inverter yopanda mabulashi otha. Mota yotere sifa msanga n'kale. Zimene zimavuta kawirikawiri ndi pampu yotulutsa madzi, loko wa chitseko, waya wotenthetsa madzi, bolodi ya magetsi ndi mabering'i a diramu, ndipo zimenezi zimagwera pa waranti yaifupi ya makina onse. Miyezi 6 ikatha, zimene zimagwira ntchito ndi zimene kampani inalemba, ndipo makampani ambiri amalonjeza kukonza basi. Musanalipire funsani kuti waranti ya makina onse ndi yazaka zingati, komanso ngati imafuna kulembetsa pa intaneti.

Ndi pati pamene lamulo silingakuthandizeni?

Mukagula m'sitolo kenako n'kungosintha maganizo, lamulo silikakamiza sitolo kulandira makina abwinobwino. Mukagula kwa munthu wamba pa Facebook amene akugulitsa makina a m'nyumba mwake, mulibe chitetezo chimenechi. Mukauzidwiratu kuti mtengo watsika chifukwa makinawo ndi ophwanyika pambali, simungabweze chifukwa cha kuphwanyikako.

Chachikulu ndi vuto loyambitsa nokha. Makina otsegulira kutsogolo amabwera ndi mabawuti atatu kapena anayi kumbuyo, omanga diramu kuti isagwedezeke paulendo. Akapanda kumasulidwa, makina amadumphadumpha pofinya mpaka kuthyola zogwirira diramu. Sopo waufa wochapira pamanja amachita thovu lochuluka, lomwe limasokoneza pampu ndi kusefukira pansi. Gulani wolembedwa kuti ndi wa m'makina. Makobiri, mapini a tsitsi ndi mawaya a kamisolo zimakatsekera m'kasefa kamene kali kuseri kwa kachitseko kakang'ono m'munsi kutsogolo. Makina akakana kutulutsa madzi, yambani mwatsegula pamenepo, mutatchera beseni, musanaimbe foni. Kupsa kwa bolodi magetsi akabwera mwamphamvu atazima nakonso mawaranti ambiri amakukana.

Sitolo ikakana, mungadandaule kuti?

Yambani ndi kuilembera sitoloyo, kuti pakhale umboni wa tsiku. Zikakanika pitani kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, imene silipiritsa wogula. Palinso National Consumer Commission.

Chipepala cha mizere yobiriwira ndi yofiira chomatidwa pamakina chija chimatanthauzanji?

Chimasonyeza mmene makinawo amadyera magetsi. Musakopeke ndi A yekha: pa makina otsegulira kutsogolo A wakhala mlingo woyambira, ndipo pamwamba pake pali A+, A++ ndi A+++. Onani manambala a mayunitsi ndi malita a madzi, ndipo muyerekeze makina a makilo ofanana. Makilowo ndi a zovala zouma. Banja la anthu anayi kapena asanu limakwanitsidwa ndi a makilo 8, koma bulangete lochindikala lija la ku Joni limafuna a makilo 10 kupita m'tsogolo, apo ayi lichapeni padera.

Odalirika ndi ati: otsegulira kutsogolo, otsegulira pamwamba, kapena a migolo iwiri?

Funsani madzi a kwanu. Otsegulira kutsogolo amachapa bwino ndi madzi ochepa, pafupifupi malita 50 ulendo umodzi, pamene otsegulira pamwamba ambiri amapitirira malita 100. Koma otsegulira kutsogolowo amafuna madzi amphamvu, kuyambira 0.5 bar kapena 1 bar malinga ndi makina (bar ndi muyeso wa mphamvu ya madzi). Ngati mumadalira thanki, werengani chonchi: mamita 10 kuchokera pamadzi a m'thanki kufika pamakina ndiwo 1 bar. Thanki ya pachitsulo cha mamita atatu imapereka pafupifupi 0.3 bar yokha, ndiye makina amadikira madzi mpaka kuima n'kuonetsa nambala ya vuto. Pamenepo pamafunika pampu yoonjezera mphamvu.

Kumene madzi amabwera usiku wokha kapena ndi otunga, a migolo iwiri ndiwo akamuna. Mumathira ndi ndowa, alibe bolodi yoti ipse, ndipo lamba kapena tayimala ikatha, wokonza wa pamsika amaisintha. Kuipa kwake n'koti muyenera kuimirira pomwepo kusamutsa zovala.

Kodi choumitsira n'chofunikadi?

Kumene kuli dzuwa ndi chingwe, miyezi yambiri ayi. Chimathandiza m'mafulati opanda poyanika, m'nyengo yamvula ya Juni ndi Julayi ku Cape Town, kapena kwathu chiperoni chikakhazikika ku Thyolo ndi Blantyre. Kutentha kwake kumaphanso mazira a ntchentche yoyambitsa mphutsi pakhungu, ngakhale kuti kusita kumachita zomwezo motchipa.

Zilipo zamitundu itatu. Chotulutsa nthunzi ndi paipi n'chotchipa ndipo chili ndi zowonongeka zochepa, koma paipiyo iyenera kutulukira panja, apo ayi khoma limachita nkhungu. Cha condenser chimasonkhanitsa madzi m'kathanki kokhuthula mukatha kuumitsa. Ziwirizi zimakoka mawati 2,000 mpaka 2,800. Cha heat pump chimadya pafupifupi theka la mayunitsi amenewo, koma n'chodula, chimachedwa, ndipo chikawonongeka chimafuna wodziwa za gasi ngati wa mafiriji. Chilichonse mwa izi, chotsani ulusi wa pasefa ulendo uliwonse, chifukwa ndiwo umayambitsa moto.

Makina ochapa ndi kuumitsa pamodzi amasunga malo, koma amaumitsa zochepa kuposa zimene achapa: olembedwa 10/6 amachapa makilo 10 n'kuumitsa 6. Ife timati ndalama ikachepa, gulani ochapira ofinya pa 1,200 kapena 1,400 rpm (maulendo amene diramu imazungulira pa mphindi imodzi). Zovala zimatuluka zofinyika bwino, sizichedwa kuuma.

Ndikufuna kutumiza kumudzi. Ndichite chiyani?

Musawapereke kwa transipota ali m'katoni osawayesa. Miyezi 6 ija imayamba tsiku lolandira, ndipo makina akadutsa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, palibe sitolo imene idzawatsatire. Mawaranti ambiri amathera m'dziko limene mwagula. Chapirani kangapo, pamadzi otentha ndi ozizira, ndi kufinya pa liwiro lonse. Kenako tulutsani madzi onse potsegula kasefa kaja, bwezerani mabawuti a diramu, ndipo makinawo ayende ataimirira. Msewu umenewu popanda mabawuti umamaliza makina asanafike. Lisiti lipite nawo, a MRA adzalifuna powerengera msonkho.

Sankhani dzina limene zipangizo zake zimapezeka ku Limbe kapena ku Lilongwe. Funsani wokonza wa kumeneko musanagule. Magetsi ndi ofanana, mavoti 230, koma pulagi ndi yosiyana: ya ku South Africa ndi ya mano obulungira, ya kwathu ndi ya mano afulati yokhala ndi fyuzi ya 13A. Adaputala yotchipa imasungunuka, choncho wamagetsi aike soketi yoyenera pakhoma, yokhala ndi waya wa earth. Choumitsira cha mawati 2,800 chimakoka kupitirira 12A chokha, ndiye chisagawane soketi kapena ekisitenshoni ndi makina ochapira. Ikaninso chotetezera chimene chimadikira mphindi zingapo magetsi a ESCOM akabwera, chokhoza kunyamula 13A kapena kuposa. Kaja ka pa TV n'kochepa mphamvu.