Mmene Apalestina anafikira pokhala ndi maboma awiri

Mu Disembala 1983, Yasser Arafat, mtsogoleri wa Apalestina, anakwera sitima pa doko la Tripoli, kumpoto kwa Lebanon, pamodzi ndi asilikali ake pafupifupi 4,000. Sitimazo zinali za ku Greece, zitapachika mbendera ya United Nations. Amene anamuzinga mumzindamo kwa milungu ingapo, akumuthira mizinga usana ndi usiku, anali Apalestina anzake, otsogoleredwa ndi Abu Musa, mkulu wa asilikali wa m'chipani chake chomwe cha Fatah. Kumbuyo kwawo kunali Hafez al-Assad wa ku Syria ndi zida zake. Anthu ambiri akamakamba za kugawanika kwa Apalestina amayambira 2007, pamene Hamas inalanda Gaza. Ine ndimakonda kuyambira pa doko limeneli, chifukwa zonse zimene zinadzachitika ku Gaza zinali zitaonekera kale pamenepo.

Gwero lake ndi umphawi wa anthu opanda dziko. Nkhondo ya 1948 itabalalitsa Apalestina oposa 700,000, ambiri anakakhala m'misasa ya othawa kwawo ku Jordan, Lebanon, Syria ndi Gaza. Gulu lililonse lofuna kumenya nkhondo linkafunika malo oti likhale, mfuti ndi ndalama, ndipo zonsezi zinali m'manja mwa eni mayiko. Ngakhale bungwe la PLO, lomenyera ufulu wa Apalestina, limene linakhazikitsidwa mu 1964, linabadwa ndi dalitso la Gamal Abdel Nasser wa ku Egypt, yemwe ankafuna kuti Apalestina asamuyambitsire nkhondo ndi Israel iye asanakonzeke. Arafat ndi anzake a Fatah, amene anayamba kusonkhana ku Kuwait chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anatenga utsogoleri wa bungweli mu 1969 akulalikira kuti nkhani ya Palestine azigamula ndi Apalestina okha.

Mayiko achiarabu anangomwetulira n'kudzitsegulira magulu awoawo. Syria inali ndi al-Sa'iqa, kenaka n'kukumbatiranso gulu la Ahmad Jibril. Iraq inali ndi Arab Liberation Front. Abu Nidal atapanduka ku Fatah mu 1974, anasungidwa ku Baghdad, kenaka ku Damascus, kenaka ku Libya, ndipo anthu ake anapha atsogoleri angapo a PLO, kuphatikizapo Issam Sartawi ku Portugal mu 1983 ndi Salah Khalaf, wachiwiri kwa Arafat, ku Tunis mu 1991. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Mu 1970 asilikali a Mfumu Hussein anaphwanya magulu a Apalestina ku Jordan, ndipo mu 1976 asilikali a Syria analowa mu Lebanon kudzalimbana ndi PLO yomweyo imene ankati ndi m'bale wawo.

Hamas inatulukira kwina. Mizu yake ili m'gulu la Muslim Brotherhood la ku Egypt, ndipo ku Gaza inayamba ngati bungwe la Sheikh Ahmed Yassin loyendetsa mizikiti, sukulu za mkaka ndi zipatala zazing'ono. Akuluakulu a Israel amene ankalamulira Gaza analipatsa chilolezo bungweli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, poona kuti anthu opempherawa angachepetse mphamvu za PLO. Zipolowe zotchedwa Intifada zitabuka mu Disembala 1987, m'bungwe lomwelo munatuluka Hamas, itanyamula mfuti. Arafat atagwirana chanza ndi Yitzhak Rabin, nduna yaikulu ya Israel, mu 1993 pa pangano la Oslo, Hamas inati wagulitsa dziko, ndipo inayamba kuphulitsa mabomba m'mabasi a ku Israel. Boma latsopano la Apalestina, limene linabadwa m'panganoli motsogoleredwa ndi Arafat, linayankha ndi ndende. Mu 1996 apolisi a Mohammed Dahlan wa Fatah anamanga mamembala a Hamas mazanamazana ku Gaza, ndipo nkhani zakuti ena anazunzidwa ndi kumetedwa ndevu mokakamiza zinakhala m'mitima kwa zaka khumi, kudikira tsiku lake.

Tsikulo linayandikira pa 25 Januwale 2006. Arafat anali atamwalira mu 2004, Mahmoud Abbas wa Fatah atasankhidwa kukhala pulezidenti mu 2005, ndipo Israel itachotsa asilikali ake ndi midzi yake mu Gaza chaka chomwecho. America inakakamira kuti chisankho cha aphungu chichitike. Hamas inapeza mipando 74 mwa 132, Fatah 45. Pa mavoti a zipani kusiyana kunali kochepa, pafupifupi 44 pa 41 peresenti, koma Fatah inadzibaya yokha: m'madera ambiri anthu ake anaimira angapo pa mpando umodzi n'kugawana mavoti, pamene anthu anali atatopa kale ndi katangale wa akuluakulu ake.

Apa ndi pamene alendo anathira mafuta pamoto. America, European Union, Russia ndi United Nations anauza boma latsopano la Hamas, lotsogoleredwa ndi Ismail Haniyeh, kuti livomereze Israel, lisiye zida, ndipo lilemekeze mapangano akale. Hamas inakana. Thandizo lopita ku boma linaimitsidwa, Israel inagwira misonkho imene imatolera m'malo mwa Apalestina, pafupifupi madola 50 miliyoni pamwezi, ndipo antchito aboma anakhala miyezi osalandira malipiro athunthu. Iran inaona mpata n'kutsegula thumba lake. Mbali inayi, America inatumiza Keith Dayton, mkulu wa asilikali, kukalimbikitsa asilikali a Abbas. Hamas nayo inakhazikitsa apolisi akeake. Atambala awiri anali m'khola limodzi, aliyense ali ndi womuponyera chimanga kunja kwa mpanda.

Mfumu Abdullah ya ku Saudi Arabia inaitanira atsogoleri a Fatah ndi Hamas ku Mecca mu Febuluwale 2007, ndipo anagwirizana kupanga boma limodzi. Bomalo linakhala miyezi itatu yokha. Mu Juni, m'masiku osakwana sabata, asilikali a Hamas analanda maofesi onse achitetezo a Fatah mu Gaza. Anthu oposa 100 anafa. Ena anaponyedwa kuchokera pamwamba pa nyumba zosanja, ena anawomberedwa m'mawondo, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi magazi m'manja. Hamas imati inangofulumira chifukwa Dahlan ndi America ankakonza zoigwetsa. Fatah imati kunali kulanda boma basi. Pa 14 Juni Abbas anathetsa boma la Haniyeh, kenaka n'kusankha Salam Fayyad kuti atsogolere boma lina ku Ramallah, mzinda wa ku West Bank. Kuyambira pamenepo Apalestina amangoti inqisam, kutanthauza kugawanika, ndipo aliyense amadziwa chimene chikunenedwa.

Zokambirana zoyanjanitsa zakhala zambiri moti munthu ungaphunzire nazo mapu: Cairo mu 2011, Doha mu 2012, msasa wa Shati ku Gaza mu 2014, Cairo kachiwiri mu 2017, Algiers mu 2022. Amasainirana, kujambulitsa, kenaka nkhani imakakamira pa funso lomwe lija la amene agwire mfuti ndi amene alipire antchito. Mkhalapakati aliyense amabweranso ndi zake. Egypt imadana ndi Muslim Brotherhood koma ili ndi malire ndi Gaza. Qatar ndi Turkey zinasunga atsogoleri a Hamas atachoka ku Damascus mu 2012 chifukwa chokana kuikira kumbuyo Bashar al-Assad, pulezidenti wa Syria pa nthawiyo. Dahlan, amene anachotsedwa mu Fatah mu 2011, anakakhazikika ku Abu Dhabi.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi cha 2018. Abbas anali atadula malipiro a antchito a ku Gaza ndi ndalama za magetsi mu 2017 pofuna kufinya Hamas. Kenaka ndalama za Qatar zinayamba kulowa mu Gaza m'masutikesi, madola 15 miliyoni ulendo umodzi, kudzera pachipata cha Israel, boma la Benjamin Netanyahu likudziwa ndi kuvomereza. Bomalo linkati likupewa njala ndi chipwirikiti. Otsutsa ake ku Israel komweko amati kugawanikako kunkamukomera, chifukwa ankatha kunena kuti palibe Mpalestina mmodzi woti n'kukambirana naye za dziko. Mkangano umenewu unakula kwambiri Hamas itaukira Israel pa 7 Okutobala 2023 ndipo nkhondo itasandutsa Gaza bwinja.

Mu Julayi 2024, mabomba akugwabe, magulu 14 a Apalestina anasainiranso chikalata cha umodzi, ulendo uno ku Beijing. Nyumba ya malamulo imene inasankhidwa mu 2006 inali itathetsedwa kale mu 2018. Chisankho chimene chinakonzedwa kuti chichitike mu Meyi 2021 Abbas anachiimitsa, ponena kuti Israel sinalole kuti anthu a ku East Jerusalem avote, ngakhale ambiri ankaona kuti Fatah inali itagawikanso patatu. Abbas anasankhidwa mu 2005 kuti alamulire zaka zinayi. Mwana wa ku Gaza kapena ku Nablus amene anabadwa chaka cha chisankho cha 2006 chija anafika zaka 18 mu 2024 asanaonepo anthu akuvotera phungu kapena pulezidenti.