Sewero la mumsewu limayamba munthu woyamba akaima

M'mawa wa pa 12 Januwale 2007, katswiri woimba vayolini Joshua Bell anaima pakhomo la siteshoni ya sitima zapansi pa nthaka ya L'Enfant Plaza, mumzinda wa Washington, atavala ngati munthu wamba. Anaimba pafupifupi mphindi 45. Anthu oposa 1,000 anadutsa, amene anaima kuti amvetsere anali 7 okha, ndipo anatolera madola 32 ndi timasenti. Inakonza zimenezi ndi nyuzipepala ya The Washington Post.

Ambiri akamva nkhaniyi amati anthu a m'mizinda alibe makutu. Ine monga mphunzitsi wa zisudzo zochitira panja sindivomereza. Anthu aja ankathamangira kuntchito, ndipo Bell anaima panjira yodutsa. Luso anali nalo lochuluka, koma bwalo analibe.

Mu holo oonerera amakhala atalipira kale, ali pamipando, akudikira inuyo. Mumsewu palibe amene wabwerera inu, ndiye ntchito yoyamba n'kuimitsa anthu. Mumasankha malo amene anthu amachedwapo kale, monga pabwalo lopumirapo kapena pamene akudikira chinachake. Mumayala chingwe pansi kapena kulemba mzere ndi choko, n'kuyamba kukonza zipangizo pang'onopang'ono, mwadala, kuti odutsa azidabwa. Anthu asanu oyamba ndiwo ovuta. Akaima chapatali, mumawapempha asendere mpaka pamzere, ana akhale pansi kutsogolo. Mzere woyamba ukathithikana, wodutsa saonanso chimene chili pakati, amangoona misana ya anzake, ndipo chidwi chimamukoka yekha. Khamu limaitana khamu.

Kenako pali mawu. Pamalo opanda makoma, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo (muyezo wa kukula kwa mawu) pafupifupi 6. Amene waima mamita 8 kuchokera pa inu akumva mawu otsika ndi madesibelo 12 poyerekeza ndi amene ali pa mamita 2, ndiye muwonjezepo phokoso la magalimoto. N'chifukwa chake odziwa amaima khoma lili kumbuyo kwawo kuti lizibweza mawu, amalankhula ziganizo zifupizifupi, ndipo zambiri amazinena ndi thupi. Achinyamata amathamangira chokuzira mawu, n'kukweza mpaka a mzere woyamba athawe, eni masitolo akadandaule kwa akuluakulu a mzinda. Madandaulo otere ndi ena mwa zifukwa zimene mizinda yambiri imafunira ziphaso. Ku London, kuyambira 2003 oimba m'masiteshoni a sitima zapansi pa nthaka amaimba ndi chilolezo pamalo osankhidwa, ndipo ku Covent Garden, malo otchuka ndi masewero a mumsewu mumzinda womwewo, osewera amayamba ayesedwa kaye.

Nkhani ya sewerolo nayo imalukidwa mosiyana. Wina wafika poyamba, wina pakati, wina sewero likutha. Wofika mochedwayo ayenera kudziwa msanga kuti wolakwa ndani, wolakwiridwa ndani, apo ayi apitiriza ulendo wake. Choncho timabwereza mfundo yaikulu kangapo, kudzera m'nyimbo kapena m'mawu amene khamu lizivomera. Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, anafika pomaimitsa sewero pakati, n'kuitana woonerera kuti alowe m'malo mwa wozunzidwayo ayese njira yake. Munthu amene mnzake walowa m'bwalo sachoka.

Za chipewa chotolerera ndalama kwa oonerera, apa ndi pamene ophunzira anga ambiri amagwa. Amachita manyazi, amadikira kuti amalize kaye. Koma m'manja mukangoombedwa komaliza, khamu limamwazikana nthawi yomweyo. Muzinena za ndalama chinthu chachikulu chisanachitike, anthu akadali ndi dyera loona mathero, ndipo muzinena mosabisa kuti iyi ndiyo ntchito imene mumadyera. Mukatha, chipewa chikhale m'manja mwanu, inuyo mutaima pakati pa bwalo, osati pansi pamene munthu angachilambalale osakuyang'anani kumaso.