A Celt sanayambire ku Scotland ayi

Ambiri tikangomva zoti Celtic timaganiza za timu ya mpira ya ku Glasgow ija, basi nkumati a Celt, mtundu wa anthu akalekale a ku Ulaya, kwawo ndi ku Scotland ndi Ireland. Sichoncho. Mbiri yawo yakale kwambiri ili pakati pa Ulaya, ndipo ku Austria mtauni ya Hallein pafupi ndi Salzburg kuli nyumba yosungira zakale za a Celt yotchedwa Keltenmuseum, mukalowamo mumaona nokha.

Chomwe chinawalemeretsa anthuwa ndi mchere. Osati wa m'nyanja, koma wokumba m'phiri la Dürrnberg pafupi ndi Hallein, zaka zoposa 2,500 zapitazo, amalowa pansi mumdima atayatsa timitengo ngati muuni nkumaswa mwala wamchere uja. Nthawi imeneyo kunalibe furiji ndiye nyama amaisunga ndi mchere, ukakhala nawo umagulitsa kutali.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi chakuti mchere womwewo unasunga zinthu zawo. Nsapato zachikopa, tizidutswa tansalu, mipini ya zida, mpaka lero zilipo osaola, munthu nkumaona nsapato yomwe wina anavala akupita kuntchito Yesu asanabadwe. Mgodiwo anasiya kukumba mu 1989, pano amangolowamo alendo.