Nkhukundembo yogaya imafuna buledi wonyowa, ndipo uchi uzibwera pomaliza

Amene amagula zakudya m'masitolo a ku Britain monga Tesco, Aldi kapena Lidl amaidziwa paketi ya nyama ya nkhukundembo yogaya. Imakhala ya magalamu 500, yotuwa poyerekeza ndi ya ng'ombe, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umakhala wotsikirapo. Ambiri amaigula kamodzi n'kulumbira kuti sadzayambiranso, chifukwa timipira ta nyama timene anaumba tinatuluka touma gwaa, tosamezeka popanda madzi pambali. Nyamayo siilakwa. Imangofuna kaphikidwe kosiyana ndi ka ng'ombe, ndipo kusiyanako kumayambira pa mafuta.

Mbalameyi kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu ankaiweta kalekale Aspanya asanaitengere ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Masiku ano ku America ndi ndiwo ya pa chikondwerero cha Thanksgiving mu Novembala, ku Britain ndi ya Khirisimasi, koma mafamu amaiweta chaka chonse. Ogula a kumeneko amalimbirana chidali, ndiye ntchafu zambiri zimathera m'chigayo, n'chifukwa chake zimatsika mtengo. Kwathu ku Malawi nkhani ndi yotembenuka: nkhukundembo ndi chiweto cha pakhomo, sichipezeka wamba, ndipo ukachipeza sichotchipa. Amene muli ku Lilongwe, Zomba kapena Chipata musavutike kuisaka. Tengani ntchafu za nkhuku, chotsani mafupa, mukagayitse kubutchala kapena muziduladule ndi mpeni wakuthwa mpaka zinyenyeke. Zonse ndinene pano zigwira chimodzimodzi.

Poyamba werengani chimene chalembedwa pa paketi. Ku Britain nyama yogaya ya chidali imakhala ndi mafuta 2 peresenti, ya ntchafu 7 peresenti, pamene ya ng'ombe yotchipa ija imafika 20 peresenti. Nyama ikamapsa, mapuloteni ake amakhwinyata n'kufinya madzi amene anali m'kati. M'nyama ya ng'ombe mafuta amasungunuka n'kutsalira pakati pa timinofu, ndiye ngakhale madzi atuluke, pakamwa mumamvabe kufewa. Nkhukundembo ilibe chobisalira chotero. Madzi akapita, apita. Choncho gulani ya ntchafu. Ya chidali ndi yodula, komanso pa ntchito imeneyi ndi yosathandiza. Isiyireni amene dokotala anawaletsa mafuta.

Chimene mafuta sakuchita, buledi ndiye achite. Pa magalamu 500 a nyama, tengani masilayisi awiri a buledi wa dzulo, muwanyenye m'mbale, muthire masupuni aakulu asanu a mkaka, ndipo musiye kwa mphindi 10. Kenako phwanyani ndi foloko mpaka zikhale ngati phala lolimba la mwana, lopanda mibulu. Ophika ambiri amawaza nyenyeswa za buledi zouma pa nyama n'kumati ntchito yatha, koma nyenyeswa zoumazo zimakamwa madzi a nyama yomweyo imene tikufuna kuiteteza. Buledi woviikidwa kale amalowa atakhuta. Pamoto, sitachi wake amatupa n'kusunga madziwo, ndiponso amakhala pakati pa timinofu kuti tisakumbatirane kwambiri. Ichi ndicho chimasiyanitsa kampira kofewa ndi kolimba, ndipo sindinaonepo zokometsera zilizonse zimene zingakonze mbale imene yaphonya gawo limeneli. Mkaka ukasowa, madzi amagwira ntchito. Kukoma kumangochepako pang'ono. Chambiko nachonso n'chabwino.

Mu phala lomwelo swerani dzira limodzi, n'kuthira anyezi mmodzi wamng'ono wopala pa gireta. Ndikuti wopala, osati wodula. Zidutswa za anyezi wodula sizipsa msanga m'kati mwa kampira, ndipo zimasiya ming'alu pamene kampirako kamadzagawanikira m'chiwaya. Wopala amasanduka madzi ndi timinyenyeswa, n'kulowerera paliponse. Onjezani adyo wosinja tizidutswa titatu, tsabola wakuda pang'ono, ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Sakanizani zonsezi bwinobwino nyama isanalowe.

Chifukwa chochedwetsera nyama ndi mchere. Mchere ukakumana ndi nyama yogaya umatulutsa puloteni yonanda yotchedwa myosin, ndipo mukamakanda nthawi yaitali puloteniyo imalukana. Opanga masoseji amachita dala zimenezi kuti soseji izinjanja ukailuma. Ife sitikufuna soseji. Ikani nyamayo pamwamba, tambasulani zala, muzitembenuza mopepuka mpaka buledi asaonekenso payekha. Theka la mphindi ndi lokwana. Mukaona nyama yayamba kumatirira m'mbali mwa mbale n'kumapanga ulusi, lekani, mwapitirira kale.

Kwa amene thumba lafinya, apa ndi pochulukitsira ndiwo. Masoya pisi odzaza dzanja limodzi, oviika m'madzi otentha, ofinya mwamphamvu n'kusinja, amalowa m'nyamayi popanda ana kuzindikira. Karoti mmodzi wopala amawonjezera madzi ndi kutsekemera. Nyemba zophika zophwanya nazonso zimatheka, ngakhale zimalemeretsa. Malire ake ndi akuti zowonjezera zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a nyama, apo ayi timipira sitigwirana.

Musalawe zosaphikazo. Tapani kachidutswa kakang'ono, mukakazinge kapse, ndiye mulawe. Mchere ukachepa ino ndi nthawi yowonjezera, koma kumbukirani kuti msuzi umene ukubwera uli ndi soya sosi, yemwenso ndi wamchere. Kenako nyowetsani manja, muumbe timipira ta magalamu 30 kalikonse, kongodzaza supuni yaikulu mpaka kusefukira. Mupeza timipira 20 kapena kuposerapo, tokwanira anthu anayi kapena asanu. Tonse tikhale tofanana kuti tipsere limodzi. Nyama ya nkhukundembo ndi yofewa kwambiri, ndiye ngati muli ndi fuliji tiikenimo mphindi 20 tilimbeko.

Tenthetsani masupuni aakulu awiri a mafuta m'chiwaya pamoto wapakati. Yalani timipira mosiya mipata, ngakhale zitanthauze kukazinga kawiri. Chiwaya chikadzaza, madzi otuluka amasanduka nthunzi, kutentha kumatsika, ndipo nyama imawira m'malo mofiira. Kufiirako si kukongoletsa chabe. Kumabwera pamene mapuloteni ndi shuga wachilengedwe wa m'nyama akumana pa kutentha kopitirira madigiri 140, zimene katswiri wa ku France Louis-Camille Maillard anafotokoza mu 1912, ndipo fungo la nyama yootcha limene limaitana anthu kuchokera panja limachokera pamenepo. Mukaika kampira, musakagwedeze kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kakafiira kamadzimasula kokha pachiwaya. Mukakakakamiza msanga, khungu lofiiralo limatsalira pansi, kampira n'kung'ambika. Ophika pa mbaula, dikirani makala ayale phulusa loyera, lawi litazima. Amene muli ndi uvuni mungathe kutiotcha pa madigiri 200 kwa mphindi 15 mpaka 18, njira yosadya mafuta komanso yabwino pophikira gulu.

Pa kupsa sindinyengerera. Pa chidutswa cha nyama ya ng'ombe majeremusi amakhala kunja, ndipo moto umawapeza msanga. Chigayo chimawatenga kunjako n'kuwamwaza m'kati monse, ndipo nyama ya mbalame zoweta imadziwika ndi salmonella ndi campylobacter, amene amatsegula m'mimba koopsa. Ku America malangizo a boma amati nyama yotere ifike madigiri 74 pakati penipeni. M'makhitchini a ku Britain timayendera 75. Kathemomita ka nyama n'kotchipa ndipo kamathetsa mkangano. Ngati mulibe, dulani pakati kampira kakakulu koposa tonse: kazituluka nthunzi, pasakhale pofiirira, ndipo madzi ake akhale oyera. Mpeni, thabwa ndi manja zimene zakhudza nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo musanagwire tomato wa saladi.

Tsopano msuzi wonanda wa timipirati, wotsekemera ndi wowawa nthawi imodzi. Anthu a ku America ali ndi wawo wa pa maphwando, wosakaniza jamu wa mphesa ndi sosi wa tsabola wa m'botolo. A ku South Africa, amene timipira tawo amati frikkadel, amadalira jamu wa maapurikoti kapena chatine ya Mrs Ball's. Mayina ndi osiyana koma mkati mwake muli zinthu zinayi zomwezo: chotsekemera, chowawa, chowawasa ndi chamchere. Mukagwira zimenezi simufunikanso kusaka botolo la dzina lakutilakuti.

Muyezo umene ndimaphunzitsa ndi uwu: masupuni aakulu atatu a uchi, awiri a soya sosi, awiri a viniga kapena madzi a mandimu, imodzi ya tomato wa m'chitini wolimba uja, anayi a madzi, adyo ndi jinja wosinja supuni yaing'ono chilichonse, ndi tsabola. Uchi ukadula, jamu wa mango kapena shuga wabulauni amalowa m'malo mwake bwinobwino. Chimene anthu amakonda kuchotsa ndi viniga, poganiza kuti awononga kutsekemera. Koma ndi iyeyo amene amachititsa kuti munthu atenge kampira kachisanu osakoledwa. Msuzi wopanda chowawasa umatopetsa pakamwa ukangodya titatu.

Tsabola ndi nkhani ya pakhomo panu. Supuni yaing'ono ya Nali imakwana kwa ambiri, ndipo popeza ali kale ndi kowawasa kake, viniga mungachepetseko. Ine ndimakonda kambuzi mmodzi wosinja chifukwa cha kafungo kake kamene kamagwirizana ndi uchi kuposa piripiri wouma. Ukali wa tsabola umachokera ku capsaicin, yemwe amachuluka m'timinofu toyera togwira njere, osati m'njere zenizenizo monga ambiri amanenera. Mukapala timinofuto, fungo limatsala koma moto umachepa. Shuga amaziziritsa ukaliwo pa lilime. Wilbur Scoville wa ku America, amene anayambitsa muyezo wa ukali wa tsabola mu 1912, ankasungunula tsabola m'madzi a shuga mpaka olawa asamvenso kuwawa. Tanthauzo lake kukhitchini n'lakuti tsabola amene angakulizeni mu ndiwo zamasamba, mu msuzi wa uchi amamveka wofatsa, ndiye musaope kuwonjezera pang'ono mutalawa. Pakakhala ana, gawani msuzi pawiri tsabola asanalowe. Khanda losakwana chaka lisapatsidwe uchi, ngakhale wophika.

Cholakwika chimene chimawononga mbale zambiri ndi kupaka msuziwu pa timipira taiwisi n'kutikazingira momwemo. Uchi uli ndi shuga wa mtundu wa fructose amene amayamba kuderako pa madigiri pafupifupi 110, pamene chiwaya chokazingira chimatentha kuposa pamenepo kutalitali. Zotsatira zake kunja kumada bii n'kumawawa ngati zopserera, m'kati musanapse, ndipo wophika amaphula msanga poona kudako. Ndondomeko yabwino ndi yakuti timipira tipse kaye. Tiphuleni, khuthulani mafuta otsala, chepetsani moto, ndipo thirani zosakaniza za msuzi m'chiwaya chomwecho osachitsuka. Palani ndi mthiko zofiira zomatirira pansi zija zisungunukire mu msuzi, chifukwa kukoma kwambiri kuli mmenemo.

Apa musachoke pamoto. Poyamba msuzi umawira ndi tithovu ting'onoting'ono tothamanga. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi thovu limakula, limaphulika mochedwa, ndipo mtundu umasanduka wofiira moderako n'kumanyezimira. Kokani mthiko pakati pa chiwaya: njira imene wadutsa ikakhala yotseguka kwa kamphindi isanatsekeke, wafika. Bwezerani timipira, gwedezani chiwaya kuti tigubuduzike mpaka kalikonse kavale msuzi mbali zonse, mphindi imodzi kapena ziwiri basi. Phulani msuzi ukadali wopyapyalako kuposa mmene mukufunira, popeza umalimba ukamazizira. Ukalimbitsa, supuni ya madzi otentha imaubweza.

Timipira totere timayenda bwino ndi mpunga, makamaka wa Kilombero, ndi kabichi wokazinga mosapsetsa kapena mpiru pambali wodula kutsekemera. Ndi nsima ndinganene zoona: msuzi wonandawu ndi wochepa komanso wotsekemera kwambiri kuti muzisunsiramo. Ngati kwanu chakudya ndi nsima basi, chepetsani uchi ndi theka, kazingani tomato awiri ndi anyezi m'chiwayamo musanathire zinazo, ndipo muwonjezere kapu ya madzi kuti pakhale msuzi wokwanira.

Zotsala zilowe m'fuliji pasanathe maola awiri ndipo zidyedwe m'masiku awiri, mutazitenthetsa mpaka zituluke nthunzi pakati. Amene mumagwira ntchito za mashifiti, gulani mapaketi awiri tsiku limene atsitsa mtengo, muumbe ndi kukazinga tonse, ndipo theka muliumitse mufiriza lopanda msuzi. Limakhala bwino miyezi itatu, ndipo msuzi watsopano umangotenga mphindi zisanu. Kumene magetsi amazimazima, musadalire firiza pa nyama yogaya ya nkhuku kapena nkhukundembo. Gayitsani yokwanira tsiku limenelo, ndipo iphikidwe mukangofika nayo kunyumba.