Chiwongoladzanja cha ngongole za boma ndi penshoni ya wogwira ntchito

Chaka chilichonse mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, nduna ya zachuma ikangomaliza kuwerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, foni yanga imayamba kulira. Ntchito yanga ndi yowerengetsera ndalama ndi kulangiza makampani ang'onoang'ono pa za msonkho ndi penshoni, choncho anthu amayembekezera kuti ndiwauza msanga ngati zinthu zawakomera. Nthawi zambiri amafunsa ngati msonkho wa pamalipiro watsika komanso mtengo umene thumba la feteleza wotsika mtengo likhalepo. Mafunso amenewa ndi oyenera, chifukwa amakhudza mphika wa pakhomo. Koma pa zaka zonsezi sindinalandirepo foni yofunsa za ndalama zimene boma lipereke ngati chiwongoladzanja pa ngongole zake, chikhalirecho mzere umenewu wa m'bajeti ndi umene umalamula mizere ina yonse, ndipo ndi umene udzagamule ngati penshoni ya munthu amene akugwira ntchito lero idzathe kumugulira chimanga ndi mankhwala akadzakalamba.

Bajeti ndi lamulo. Malamulo aakulu a dziko amanena kuti msonkho sungakhazikitsidwe popanda lamulo, ndipo ndalama zimene bungwe lotolera misonkho la MRA latolera zimalowa m'thumba limodzi la boma limene ambiri amalidziwa ndi dzina loti Account Number One. Kuti ndalama zituluke m'thumbamo, aphungu ayenera kuvomereza. Komabe si ndalama zonse zimene aphungu angathe kuzisuntha mmene afunira. Pali zolipira zina zimene lamulo linaziika kale patsogolo, monga chiwongoladzanja cha ngongole ndi penshoni ya amene anapuma m'boma, ndipo pambali pa zimenezi pali malipiro a aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi asilikali amene sangalekedwe ngakhale mwezi umodzi. Mu bajeti ya 2025/26, imene a Simplex Chithyola Banda anawerenga mu Febuluwale 2025, boma linakonza zogwiritsa ntchito pafupifupi K8 thililiyoni, ndipo zoposa K2 thililiyoni mwa ndalamazo zinali za chiwongoladzanja chokha. Kunena mwachidule, pa K100 iliyonse imene boma linkafuna kugwiritsa ntchito, pafupifupi K25 inali itapita kale kwa obwereketsa, pasanagulidwe choko kapena panado, ndipo ngongole yeniyeniyo isanachepe ndi tambala imodzi. Zimene aphungu amakanganirana kwa masabata, mpaka ena kutulutsidwa m'nyumbayo, ndi zotsala chabe.

Dzikoli silinafike pamenepa ndi chipani chimodzi, ndipo ndikunena zimenezi chifukwa mkangano wathu umakonda kufunafuna munthu mmodzi womuloza chala. Mu 2006, a Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma, mayiko ndi mabungwe amene tinawakongola anatikhululukira gawo lalikulu la ngongole zakunja, ndipo kwa zaka zingapo boma linapuma. Mu 2011 ubale wa boma la a Bingu wa Mutharika ndi mayiko othandiza utasokonekera, nduna Ken Kandodo inabweretsa bajeti yofuna kuti zolipira za tsiku ndi tsiku zichokere m'misonkho yathu yokha. Ganizo lodzidalira silinali loipa, koma linabwera mwadzidzidzi, ndi misonkho pa zinthu zimene kale sizinkalipitsidwa, pa nthawi imene mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinali zikusowa, ndipo mkwiyo wa anthu unaonekera pa zionetsero za pa 20 Julayi zimene zinaphetsa anthu pafupifupi 20. Mu 2013, m'nthawi ya a Joyce Banda, kunaululika kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill kumene tonse timakutcha Cashgate, ndipo ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Mayiko amene ankathira ndalama zawo mwachindunji m'bajeti anasiya, ndipo thandizo lotero silinabwererenso pamlingo wakale.

Dzenje limene linatsala, maboma onse otsatira, la DPP ndi la mgwirizano wa Tonse limene, analikwirira pobwereka m'dziko momwe muno. Ngongole ya kwa World Bank kapena African Development Bank imabwezedwa pa zaka zambiri ndi chiwongoladzanja chochepa kwambiri. Ya m'dziko muno ndi yodula. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo boma likamagulitsa mapepala ake a ngongole kwa mabanki linkalipira molingana ndi mlingo umenewu, pena kuposerapo. Ngongole yotere imabereka msanga, moti boma limafika pobwereka kuti lilipire chiwongoladzanja cha zimene linabwereka dzana. Nawonso mabanki, poona kasitomala wamkulu amene amalipira bwino chotere, sakhalanso ndi chidwi chobwereketsa mlimi wa soya ku Mchinji kapena mayi wofuna kukulitsa malo osokera zovala ku Ndirande.

Pamisonkhano ya ndale nkhani imeneyi simveka, chifukwa palibe amene angavinitse anthu polonjeza kuchepetsa chiwongoladzanja. Zimene zimamveka ndi za msonkho ndi zaulere. Mu 2020 boma la Tonse linakweza malire a malipiro osadulidwa msonkho kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 pamwezi, ndipo ogwira ntchito anasangalala ndi chifukwa chomveka. Mu 2024 malirewo anafika pa K150,000. Pongoona manambala, munthu angaganize kuti wogwira ntchito anapepukidwa kawiri. Koma mu 2020 dola imodzi inkagulidwa pa ndalama zosaposa K800, ndiye kuti K100,000 inali madola oposa 125, pamene kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola inafika pa K1,700 ndi kupitirira, moti K150,000 sinkakwananso madola 90. Malire anakwera papepala koma anatsika m'sitolo. Momwemonso thumba la feteleza wotsika mtengo wa ndondomeko ya boma ya AIP, limene linayamba pa K4,495, linafika pa K7,500 kenako pa K15,000, uku chiwerengero cha olandira chikuchepa.

Mu chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chipani cha DPP chinalonjeza sukulu ya sekondale yaulere ndi K5 biliyoni pachaka ku thumba la chitukuko la dera lililonse la phungu. Madera alipo 229, ndiye kuti lonjezo limodzi lokhalo likufuna ndalama zoposa K1.1 thililiyoni pachaka. Pasanathe miyezi yambiri chilowereni m'boma, nduna Joseph Mwanamvekha inalengeza kukweza msonkho wa pa katundu wa VAT kuchoka pa 16.5 kufika pa 17.5 peresenti. Ena anadabwa, koma ine sindinadabwe, chifukwa walira mvula walira matope. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti VAT sasankha wolemera ndi wosauka. Msonkho wa pamalipiro umakula malinga ndi zimene munthu amalandira, koma wa pa katundu umakhala umodzimodzi kwa bwana wa kampani ndi kwa gogo wa ku Nsanje amene sanalembedwepo ntchito, ndipo gogoyo sadziwa n'komwe kuti walipira msonkho.

Aphungu ali ndi mphamvu zofunsa mafunso amenewa, koma mbiri ikuonetsa kuti bajeti imasanduka chida cha nkhondo zina. Mu 2007 ndi 2008 a MCP ndi UDF anakana kukambirana bajeti pofuna kuti Sipikala ayambe wachotsa aphungu amene anachoka m'zipani zawo n'kulowa DPP, motsatira gawo 65 la malamulo aakulu, ndipo bajeti ya 2007 inadutsa mu Seputembala, chaka cha boma, chimene panthawiyo chinkayamba pa 1 Julayi, chitayamba kale. Nkhani ya gawo 65 inali yoona ndi yofunika, koma m'miyezi yonseyo zokamba zinali za mipando.

Tsono penshoni ikulowa pati? Lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni. Wantchito amadulidwa 5 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana amaonjezera 10 peresenti, kotero kuti wolandira K400,000 amasungiridwa K60,000 pamwezi. Ndalamazi sizigona m'bokosi. Makampani oyendetsa penshoni amazigwiritsa ntchito kuti zibereke, ndipo m'dziko muno malo aakulu oziika ndi awiri: mapepala a ngongole za boma ndi masheya a pamsika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Mwa makampani amphamvu pamsikawo muli mabanki, amene phindu lawo lalikulu likuchokeranso ku kubwereketsa boma. Choncho wogwira ntchito ali mbali zonse ziwiri za ngongoleyi. Iye ndi wokhoma msonkho amene akulipira chiwongoladzanja, ndipo ndi iye yemweyo, kudzera m'thumba lake la penshoni, amene wabwereketsa boma.

Wina anganene kuti pamenepo palibe vuto, popeza chimene chachoka m'thumba lakumanja chalowa lakumanzere. Zaka zina zimaonekadi choncho, ndipo masheya akakwera kwambiri matumba a penshoni amalengeza phindu loposa kukwera kwa mitengo. Koma phindu la 25 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti, monga inkachitira mu 2024, ndi kutaya, ngakhale nambala ya pasitetimenti yakula. Wovutika kwambiri ndi amene anapuma kale n'kusankha kumalandira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Amene anapuma mu 2019 akulandira kwacha zomwezo lero, koma kwachayo yadutsa m'kugwetsedwa kuwiri kwakukulu. Ndipo boma likafika polephera kulipira, osunga penshoni sakhala kutali ndi moto. Ku Ghana, boma litayamba kusintha mapangano a ngongole zake za m'dziko kumapeto kwa 2022, okalamba amene anagula mapepala a boma anakakhala pakhomo pa unduna wa zachuma ku Accra kupempha kuti ndalama zawo zisakhudzidwe. Abale athu amene anagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe amakumbukira mmene penshoni za zaka makumi zinasungunukira mu 2008.

N'chifukwa chake ndimamvetsa amene anakakamira kuti lamulo lisinthe. Lamulo la 2023 linalola wopuma pantchito kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, pamene kale zinali 40 peresenti, linalola amene watsala ndi zaka 5 kuti apume kutapako, ndipo linafupikitsa nthawi yodikira kwa amene ntchito yamuthera kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 3. Aphungu anagwirizana nazo, ndipo anthu anaombera m'manja. Ine ndimalangiza anthu kuti asathamangire kutapa pokhapokha ngati ndalamazo zikukamaliza nyumba yoti adzakhalemo, chifukwa ndaona ambiri atagula minibasi imene inafa pasanathe zaka ziwiri. Komabe sindingawanene kuti ndi osaganiza. Munthu amene akufuna kusandutsa penshoni yake malata ndi njerwa akunena poyera kuti sakhulupirira kwacha ya zaka 10 zikubwerazi, ndipo kusintha lamulo la penshoni kunangomutsegulira khomo lothawira, osachiza chimene akuthawacho.

Kwa ogwira ntchito m'boma nkhaniyi ili pawiri. Kuyambira 2017 amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo anaikidwa m'thumba losonkherana la Public Service Pension Trust Fund, pamene akuluakulu anatsala pa dongosolo lakale limene penshoni yawo imachokera m'misonkho ya chaka chimenecho. Mphunzitsi wopuma amene akudikira ndalama zake za nthawi imodzi ali pamzere umodzi ndi mabanki amene akudikira chiwongoladzanja, ndipo banki siidikiritsidwa. Kunja kwa magulu onsewa kuli Amalawi ochuluka, alimi ndi ochita geni, amene alibe penshoni ya mtundu uliwonse. Lonjezo la mu 2020 loti okalamba azilandira K15,000 pamwezi linali la iwowa, ndipo silinakwaniritsidwe monga linanenedwera.

Pali chinthu chimodzi chimene wogwira ntchito angachite osadikira aphungu. Chaka chatha kunabwera ku ofesi kwanga bambo wina amene anagwira ntchito ya ulonda kwa zaka 11 pakampani ina. Mapepala ake a malipiro ankaonetsa kuti mwezi uliwonse ankadulidwa 5 peresenti, koma titafunsa kwa osunga penshoni tinapeza kuti kampaniyo inatumiza ndalama za zaka zitatu zokha. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye ndalama zanga zinapita kuti?" ndipo ndinalibe yankho lomutonthoza. Kudula wantchito osatumiza ndi mlandu, ndipo woyang'anira makampani a zachuma, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, amalandira madandaulo otere ndipo nthawi zina amasindikiza m'nyuzipepala maina a olemba ntchito osatumiza. Membala aliyense ali ndi ufulu wolandira sitetimenti ya thumba lake. Ifunseni kwa osunga penshoni eni ake, osati kwa abwana okha, muone ngati miyezi yonse 12 yalowa ndi mbali zonse ziwiri, yanu ndi ya kampani, kenako muyerekeze phindu limene mwapatsidwa ndi mlingo wa kukwera kwa mitengo umene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imalengeza mwezi uliwonse. Bambo uja akanaona sitetimenti yake m'chaka chachinayi, akanadandaula kampaniyo ikadali ndi katundu woti n'kugwidwa. Pamene ankafika kwa ine, inali itatseka kale.